Kuseka Kumene Ndinakulanda

Jasinta mwana wanga,

Yesu Khristu atamandike. Ndikulemba kalatayi nditakhala pakhonde, masana ano a Lamulungu, iwe uli kutsidya kwa azakhali ako kukatsazika. Mawa ukukwera shapa, kaminibasi kaja, pa Ulongwe kupita ku Tete kukaphunzira za unamwino. Ndikudzidziwa ndekha: tikafika pokwerera paja pakamwa pandiuma, ndingokuuza kuti uzipemphera ndiponso usamale chikwama, basi shapa nkunyamuka. Ndiye ndati ndilembe. Ndiika kalatayi pa mtsamiro wako. Uiwerenge lero lomwe, usadikire kuti ukafike, chifukwa kumapeto kwake kuli pempho langa la mawa m'mawa.

Malangizo enawo azakhali ako akuuza kale, za anyamata, za udzudzu wa kuchigwa, za kutentha kumene kukakuvulitse kazako, jekete lako lamphepo lija, tsiku loyamba lomwe. Ine sindibwereza. Nkhani yanga ndi imodzi, ndipo mwina uiona yachilendo pochokera kwa ine, katekista amene ana a m'mudzi muno amati nkhope yake ndi ya Lachisanu Loyera. Ndi nkhani ya kuseka. Chiikireni amayi ako m'manda, iwe sunasekepo pamaso panga. Chifukwa chake ndikuchidziwa, iwenso ukuchidziwa. Sindikufuna uwoloke Zambezi utanyamula mwala umenewo. Koma undilole ndiyambire patali. Paja amayi ako ankati ine ndikafuna kulowa m'nyumba ndimayamba ndazungulira nkhokwe.

Ndili mnyamata pa shikola ya ku mishoni ku Fonte Boa, ndinkatumikira pa guwa. Tsiku lina pa Misa yaikulu, padiri wina wokalamba wa ndevu zoyera anali pafupi kukweza mkate. Tchalitchi chonse chinali zii, ine nditagwada, belu lili m'manja. Pamenepo nkhuku yathadzi inalowa pakhomo la m'mbali. Inayenda pang'onopang'ono ngati mayi wa bungwe wobwera ndi chopereka, nidzaima pafupi ndi ine, nkupendeketsa mutu kuyang'ana padiri ndi diso limodzi. Ndinalimba mtima, ndinayang'ana pansi. Koma mnzanga wogwada mbali inayo anandiponyera diso. Basi zinathera pomwepo. Ndinaluma mlomo, ndinadzitsina ntchafu, koma mapewa anayamba kugwedezeka okha, ndipo belu lija linayamba kulira m'manja mwanga nthawi yake isanakwane. Anthu kumva belu, onse anawerama. Ine kuona anthu onsewo akuweramira nkhuku, phwete linatulukira m'mphuno.

Ndinalimitsidwa m'munda wa mishoni chifukwa cha zimenezo, ndipo Loweruka lake ndinakalapa. Ndikufotokoza tchimo langa, padiri uja kuseri kwa kansalu anayamba kutsokomola, kutsokomola kosatha. Ine ndinkati wadwala chimfine. Ndazindikira nditamera imvi kuti mkulu uja ankalimbana ndi phwete lake.

Taganiza, Jasinta. Nkhuku timaziona tsiku ndi tsiku pabwalo, palibe amaseka. Chinandiseketsa chinali chakuti nkhukuyo inali pamalo posakhala pake, pa nthawi imene mtima wanga unali utamangika kudikira chinthu chachikulu. Chinawonjezera moto chinali chakuti kuseka kunali koletsedwa. Ukudziwa mmene madzi amachitira mu ngalande ya kudimba: ukawatseka ndi chibuma amakwera, nkukaboola pena pamene sumayembekeza. Ndiponso pakanapanda diso la mnzanga uja, ndikanapirira. Kuseka kumafuna awiri. Zimenezi ndikuzidziwa lero. Nthawi imeneyo ndinatolapo phunziro lolakwika, lakuti kuseka ndi khomo lolowera Satana, ndipo ndinayamba kulondera khomo limenelo usana ndi usiku. Iwe usatero. Kuchipatala zidzakuchitikira, phwete lidzakugwira pamalo osayenera, mwina pafupi ndi bedi la munthu wodwala kwambiri. Udzatuluke, ukaseke kuseri, usambe kumaso, ubwerere ku ntchito yako. Usadzaziyese mwana woipa. Kumbukira zimenezo.

Koma kuseka kwina nkoipadi, ndipo ndikukudziwa chifukwa ndinakusekapo. Nditamaliza sekundariya ndinalembedwa ukalaliki pa ofesi ina yogula mbewu ku Ulongwe, iwe usanabadwe. Shefi wathu, bwana wa pa ofesipo, ankakonda nthabwala. Nthabwala zake zinali zosakolera mchere, koma iye akangotsegula pakamwa, ife tonse mano panja. Tsiku lina kunabwera mkulu wina wa kwathu konkuno kudzafunsa za mbewu ya kachewere. Anavula chipewa, anavulanso nkhwaira zake nkuzisiya pakhomo, nalowa chowerama, akuomba m'manja mwaulemu monga timachitira kwa akuluakulu. Chipwitikizi sankachidziwa. Aliyense wa ife mkuluyo ankamuitana kuti shefi, ngakhale wosesa. Shefi wathu anadzuka pampando, nayamba kumutsanzira, kuwerama ndi kuomba m'manja, akuzungulira tebulo. Ofesi yonse inafa nacho chikhakhali. Ine ndinaseka kuposa onse.

Ukudziwa chifukwa chake? Mkulu ameneyo ankalima moyandikana ndi agogo ako. Ndinkaopa kuti anzanga aona kuti ine ndi iye ndife amodzi, kuti pansi pa shati yanga yositayo pali fumbi lomwelo. Ndiye ndinakweza mawu kuti ndioneke wa mbali yawo. Mkulu uja sanakwiye. Anangondiyang'anitsitsa, nati, "Kodi si iwe mwana wa a Mbewe? Wakulatu." Anatuluka, navala nkhwaira zake, napita. Mawu amenewo amandiwotchabe mpaka lero.

Kuseka kumeneko sikunachokere m'mimba, mwana wanga, kunachokera m'mantha. Anthu amaseka pofuna kukondweretsa wamphamvu, amasekanso pomanga mpanda, kuti adziwike amene ali mkati ndi amene ali kunja. Ku chipatala cha ku Tete kudzabwera amayi ochokera kumidzi, osadziwa kutchula matenda awo m'Chipwitikizi, ena atamanga kanthu m'chiuno, ena akuopa kukwera pa sikelo. Anzako ena adzaseka, ndipo iwe udzafuna kuti akuone wa m'tauni. Pamenepo udzachite chimene ine ndinalephera: uyang'ane nkhope ya amene akusekedwayo. Ngati nayenso akuseka, sekani nonse, ndi mankhwala amenewo. Ngati wayang'ana pansi, tseka pakamwa pako, ngakhale woyambitsayo akhale dotolo. Muyeso womwewo udzayesere mnyamata aliyense wokuseketsa. Usadzangoti amandisangalatsa. Uone kuti nthabwala zakezo amaphera ndani, chifukwa wophera anzake lero, mawa adzaphera iwe.

Iwenso adzakuseka, usakayike. Adzaseka kalankhulidwe kathu ka kumapiri, adzakutcha mwana wa kachewere, adzaseka mmene udzachitire thukuta iwo akuti lero kwazizira. Zimenezo zisadzakulize. Udzayambe ndiwe kudziseka. Munthu wodziseka yekha amalanda mkondo m'manja mwa womuseka. Luso limeneli ine ndilibe, koma iwe uli nalo, unayamwira.

Amayi ako, Anangozo, Mulungu awalandire, ndiwo anali mphunzitsi wanga pa zimenezi, ngakhale ndinali wophunzira wouma mutu. Chikwatirane sanandiitanepo dzina lina koma a Bishipu. Ndikavala jekete kupita kukatsogolera mapemphero kumphakati, iwo amvekere, "Ana inu, patukani, a Bishipu akudutsa, musawadetse ndi maso." Chaka china, iwe uli kumsana, matalala anagwa chimanga chitangomasula. Tinapita kumunda m'mawa mwake. Masamba onse anali nsanzansanza, mapesi atagona. Ine ndinaima pamzere ndikuganiza za njala, ndikufunsa Mulungu kuti ndamulakwira chiyani. Amayi ako anawerama m'khwawa momwe matalala ena anali asanasungunuke, anatapa odzaza manja, nabwera nawo kwa ine atagwada mwaulemu. Amvekere, "A Bishipu, paja mwakhala mukulalikira za chakudya chogwa kumwamba. Ndi ichi chafika. Mudyera ndiwo yanji?"

Ndinaseka mpaka ndinakhala pansi m'matope. Chimanga sichinadzuke ayi. Koma chifuwa chimene chinali chitamangika chija chinamasuka, mpweya unalowa, ndipo mutu unayambanso kuganiza. Sabata yomweyo tinabzala nyemba m'mizere yomweyo, ndipo ndi zimene zinatiolotsa chaka chimenecho. Koma ine m'malo mothokoza, nditangopukuta misozi ndinati, "Mayi inu, muziopa Mulungu." Iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, "Mulungu amene analenga mphuno ya nkhumba ndi kayendedwe kanu, mukuganiza kuti sadziwa kuseka?" Mpaka pano m'mabuku anga onse a katekisimu sindinapezemo yankho lake.

Tsopano ndazungulira nkhokwe mokwanira, ndilowe m'nyumba.

Tsiku loika amayi ako, dzuwa litakwera, bokosi lisanatuluke m'siwa, ine ndinali pansi pa mtengo wa pichesi pamodzi ndi amuna ndi akuluakulu a mpingo. Iwe unali pakhonde pakati pa azakhali ako. Chichokereni kuchipatala kumene anamwalirira unali usanadye, usanalankhule, ngakhale kulira unali usanalire. Maso ako anali gwa, ngati a munthu amene mzimu wake watsalira kwina. Pamenepo Anachisale a kutsidya kwa mtsinje anatuluka m'nyumba. Paja banja lawo ndiwo adzukulu athu: maliro akagwa kwathu amasambitsa ndi kuika ndi iwo, akagwa kwawo timaika ndife. Anatuluka atavala kapulana wobiriwira wa amayi ako, chitenje chawo chija, atamanga mpango wawo kumutu mopendeketsa monga ankamangira eni ake. Dzanja lina m'chiuno, phazi likukokera pang'ono, ndendende Anangozo. Anadutsa pabwalo, nadzaima patsogolo panga, nakweza mawu:

"Inu a Bishipu! Mwakhalatu pansi ngati mlendo pakhomo panu pomwe. Nkhuni zija mwawaza? Anthu onsewa adya chiyani, adya Aleluya?"

Amayi pakhonde anayamba kuseka misozi ili m'masaya. Ndipo iwe unaseka. Unaseka kuseka kwa amayi ako kwenikweni, kuja koyambira pansi nkukathera m'mwamba ngati mluzu. Ine ndinadzuka. Ndinatsomphola mpango uja kumutu kwa Anachisale, mayi wamkulu, pamaso pa anthu. Ndinati, "Pano pali maliro a chikhristu. Zachikunja zanuzo pitani nazo kwina." Kenaka ndinatembenukira kwa iwe. Mawu ake ukuwakumbuka, koma ndiwalemba kuti udziwe kuti inenso sindinawaiwale. Ndinati, "Iwe, amayi ako ali m'bokosi, ukuseka? Ulibe manyazi?" Pakamwa pako panatsekeka. Kumanda sunalire. Pobwerera sunalire. Ndipo kuyambira tsiku limenelo, ndikalowa m'nyumba nkhope yako imakhala ngati ya munthu wodikira kuitanidwa ku ofesi.

Nthawi yaitali ndinkadziuza kuti ndinateteza chikhulupiriro. Ena a mpingo anandiyamikira, ndipo ndinalandira kuyamikako. Koma pamaso pa Mulungu ndi pamaso pako, zoona zake ndi izi. Anachisale atangoti "a Bishipu", mtima wanga unadumpha. Kwa kamphindi ndinaiwala bokosi lija, ndinatsala pang'ono kuyankha kuti ndiwaza, mayi, ndiwaza. Kenaka ndinakumbuka. Ndinamva phwete likukwera m'chifuwa, ndipo kumbuyo kwake kunali kulira kwakukulu kumene ndinadziwa kuti kukatuluka ndigwa pansi ndi kugubuduzika pamaso pa anthu amene amanditcha katekista. Ndinachita mantha. Ndiye zonse ziwirizo ndinazisandutsa mkwiyo, ndipo mkwiyowo ndinautula pa mwana wamasiye. Sichinali chikhristu chimenecho. Kunali kunyada.

Kuseka ndi kulira zimatulukira khomo limodzi, Jasinta. Iwe tsiku lija unali utayamba kutsegula. Ukanaseka, ukanalira, azakhali ako akanakugwira, ukanadya phala. Ine ndinamenyetsa chitseko zonse ziwiri zili mkati.

Makolo athu sanali opusa poika mwambo umenewu. Namfedwa sangathe kuchita nthabwala pa maliro ake omwe, ndiye pamafunika wapadera, amene ali ndi chilolezo, woti anyamule zimene ife sitingathe, monga momwe amanyamulira bokosi. Ife tinkakumbukira amayi ako a masiku otsiriza, owonda, osatha kukweza kapu. Anachisale anatibweretsera amayi ako enieni, olongolola, amoyo, kuti tiwaone komaliza ndi kutsazikana nawo ali choncho. Ine amene ndimaphunzitsa ana kuti imfa inagonjetsedwa, ndinakwiya poona anthu akuiseka imfayo pabwalo panga. Tsono wachikunja anali ndani pamenepo?

Mwezi wathawu ndinatsikira kudimba kukaona ngalande. Iwe unali kumeneko ndi asuweni ako mukupalira kachewere, ndipo simunandione chifukwa cha nsenjere zija. Ndinamva wina akukonza kukhosi katatu, kenaka mawu onenepa: "Abale ndi alongo, ndisatalikitse." Ndinasuzumira. Unali iwe, khasu ulikugwira ngati buku, mimba patsogolo, chala m'mwamba. Unati ndisatalikitse, nkuyamba kufotokoza kuchokera kwa Adamu. Asuweni ako anali gadaa m'mizere, iwenso unalephera kumaliza, unagwira m'mimba. Kenaka unaona chipewa changa pamwamba pa nsenjere, ndipo kuseka kuja kunazima ngati nyali yopemereredwa ndi mphepo. Ndinayerekeza ngati sindinamve kanthu, ndinafunsa za madzi. Koma pobwerera ndinathokoza Mulungu kuti kuseka kwako sikunafe. Ndinamvanso kuwawa podziwa kuti kuli moyo, koma kumabisala ine ndikafika, ngati mwana wa nkhuku akaona mphamba.

Ndiye Lachinayi lapitali ndinagwira tambala, ndinaoloka mtsinje. Anachisale ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba. Chichitikireni zija tinkangopatsana moni wa pamsewu. Atandiona anaitana adzukulu awo, amvekere, "Ana inu, bisani mitondo ndi misi! A Bishipu abwera kwa akunja, angatibatizire ziwiya."

Ndinavula chipewa, ndinakhala pansi. Ndinati, "Mayi, ndabwera kudzapepesa. Ndinakuchititsani manyazi pa ntchito yanu, pamene inu munabwera kudzatithandiza."

Anamulandira tambala uja, namukweza m'mwamba kumuyesa kulemera kwake. "Tchimo lalikulu lija, tambala wake kameneka? Kameneka nkolapira kuba tomato, a Bishipu."

Kenaka anadzuka, natola chipewa changa, nachivala. Anatalikitsa khosi ngati tambala amene wameza chitsononkho, anatuzula maso, nayenda chodumphira pabwalo pawo, natsomphola nsanza imene inali pa chingwe. "Pano pali maliro a chikhristu!" Mwana wanga, ndinadziona. Ndinaona kamunthu kamantha kakudzitukumula. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo ndisanadziwe, kusekako kunasanduka kulira. Ndinalira pakhonde la eni ake, kulira konse kumene ndinakaniza pansi pa mpichesi paja. Iwo sananditonthoze, sanandiyang'anenso. Anabwerera ku nyemba zawo nkundisiya ndimalize.

Nditakhala chete anati, "Za ine zatha, tambalayu ndimudya. Koma amene munamulanda chinthu si ine. Mpango uja munaupititsa kuti?"

Mpangowo wakhala m'bokosi langa nthawi yonseyi, pansi pa mabuku. Ndinkaopa kuuona. Lero ndautulutsa, ndaupinda, uli m'chikwama chako pamwamba pa kolona. Ndi wako. Ukakafika ku Tete, tsiku limene zinthu zidzakuvuta, udzaumange mopendeketsa, dzanja m'chiuno, udzadzikalipire wekha m'mawu a amayi ako. Ukadzaseka, seka. Ukadzalira, lira. Zonsezo ndi pemphero, Mulungu amamva zinenero zonse ziwiri.

Undikhululukire, mayi wanga. Tsiku lija sunalakwe. Unali mwana wokonda amayi ake, amene anawaona atabwerera kwa kamphindi. Wopanda manyazi ndinali ine.

Tsopano pempho lija. Mawa Anachisale ati atiperekeza mpaka pamsewu, akuti asenza chikwama chako okha chifukwa a Bishipu angathyoke msana mpingo nkusowa wotalikitsa mapemphero. Tisanafike pamsewupo, pa mlatho wa mitengo paja pamene sipakhala anthu, ndikupempha undichite. Unditsanzire monga unachitira kudimba, kukhosi katatu, mimba patsogolo, chala m'mwamba, koma ulendo uno ine ndili patsogolo pako, osati kuseri kwa nsenjere. Ndikufuna ndimve kuseka kwa Anangozo kamodzi usanapite. Ndiponso pali chifukwa china. Tsiku langa likadzafika, Anachisale adzakhala atakalamba, ndipo ana awo adzafuna wowaphunzitsa mmene ndinkayendera. Sindikufuna adzandiike mwaulemu wokhawokha ngati mlendo. Udzawaphunzitse bwino, ndipo aliyense wofuna kuwaletsa udzamuuze kuti mwini wake analola.

Ngati mawa sizitheka, sindikukakamiza. Kuseka kolamulidwa ndinakuona ku ofesi kuja, sindikufuna kotero kuchokera kwa mwana wanga. Ndidzadikira mpaka udzabwere pa tchuthi, ngakhale tchuthi china chotsatira. Koma chipewa changa sindinachipachike pamsomali lero. Ndachisiya patebulo, pafupi ndi chikwama chako. Ndikadzuka m'mawa nkupeza palibe, sindifunsa kuti watenga ndani. Ndingoyenda mutu uli pamtunda mpaka pamlatho.

Amayi Maria akufungatire pa ulendo wako, ndipo Ambuye amene analenga mphuno ya nkhumba ndi kayendedwe kanga akusunge.

Ndisatalikitse.

Ndine bambo ako,
amene amayi ako ankawatcha a Bishipu